Kutsata sitima ya feteleza pa foni muli konkuno ku Mzuzu

Kuyambira cha mu August mpaka mvula itagwa, mawu amene amamveka kwambiri mmaweyahausi a ku Luwinga komanso mmashopu ogulitsa zipangizo zaulimi mtauni muno ndi amodzi omwewo, "katundu ali pamadzi bwana." Mukafunsa kuti pamadzi pake pati, amangoti ayi akubwera. Sabata yamawa mukafunsanso, akadali pamadzi. Nde mwini thiraki sakudziwa kuti atumize galimoto ku Dar kapena ayambe wakanyamula kaye matabwa ku Chikangawa, wogulitsa feteleza naye analandira kale ndalama za makalabu a alimi aku Mzimba ndi ku Rumphi ndipo akumuimbira foni mmawa ndi madzulo. Chonsecho sitimayo mutha kuiona nokha pa foni yanu yomweyo, ulere, bola bandulo ikhalepo. Vuto ndi loti ambiri akangoona kachizindikiro ka sitima pa mapu amakhulupilira zonse zimene zalembedwa pamenepo, pomwe zina ndi za masiku apitawo ndipo zina anachita kulemba pamanja munthu wotopa wamusitimamo.

Choyamba tigwirizane za mtundu wa sitima. Sindikunena za makontena ayi, ngati mwaitanitsa katundu wa mukontena ku China kapena ku Dubai inu tsatani nambala ya kontenayo pa webusaiti ya kampani yonyamula, nkhani yake ndi ina. Ndikunena zija zimalembedwa kuti bulk carrier, zonyamula katundu wouma wongokhuthulira mmimba mwake osapakira, monga feteleza, tirigu, malasha, clinker wopangira simenti, ngakhale chimanga chaka cha njala. Urea wambiri amachokera mmaiko ngati Saudi Arabia, Qatar, Oman ndi Russia, tirigu ku Russia kapena ku Australia, ndipo poti ife doko la kunyanja yamchere tilibe, zonsezi zimatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Matumba a 50kg mumawaonawa nthawi zambiri amathiridwa sitima itafika kale, pa doko pomwepo kapena kuweyahausi.

Musanatsegule apu iliyonse, muuzeni amene akukugulitsani katunduyo kapena ejenti wanu akupatseni zinthu ziwiri, dzina la sitima ndi nambala yake ya IMO, imene ili ngati chiphaso cha sitimayo pa dziko lonse. Dzina lili pa Bill of Lading, pepala losonyeza kuti katundu wakwezedwa musitima, akakanitsitsa kukuonetsani olo chithunzi chake chokha muyambe kudabwa. Koma dzina palokha silokwanira. Sitima zimagulitsidwa pafupipafupi ndipo mwini watsopano amasintha dzina, mbendera, penti ndi zonse, komanso maina ngati Ocean chakuti, Star chakuti, Pacific chakuti alipo ambirimbiri ofananafanana, mutha kutha sabata yonse mukutsata sitima ya mafuta ili ku Brazil mukuyesa ndi yanu. Nambala ya IMO ili ndi manambala 7 ndipo imeneyo siisintha kuchokera pamene sitima yamangidwa mpaka tsiku lokaiphwasula. Olo isinthe dzina kasanu nambala ndi yomweyo.

Pali kamasamu kena kosangalatsa kodziwira ngati nambala imene akupatsaniyo siyongopeka kapena yolakwika potaipa. Tengani manambala 6 oyambawo, yoyamba muchulukitse ndi 7, yachiwiri ndi 6, yachitatu ndi 5, kenako 4, 3, 2, muphatikize zonse. Nambala yakumapeto kwa ansala yanuyo ikuyenera kufanana ndi nambala yachi 7 ija. Tiyesere pa Wakashio, bulk carrier ija inagunda miyala ku Mauritius pa 25 July 2020 nkutaya mafuta mnyanja. Nambala yake inali 9337119. Nde 9x7 ndi 63, 3x6 ndi 18, 3x5 ndi 15, 7x4 ndi 28, 1x3 ndi 3, 1x2 ndi 2, zonse pamodzi 129. Yakumapeto ndi 9, ndipo nambala ya sitimayo ikuthera ndi 9, yakhoza. Zikapanda kugwirizana bwererani kwa amene wakupatsaniyo, pena pake pasokonekera.

Muonanso nambala ina yotchedwa MMSI, ya manambala 9. Imeneyi ndi ya wailesi ya sitimayo ndipo imasintha sitima ikasintha mbendera, nde musaidalire kwambiri. Phindu lake ndi loti manambala atatu oyamba amakuuzani dziko limene sitimayo inalembetsedwa, 636 ndi Liberia, 538 ndi Marshall Islands, 477 Hong Kong, zoyamba ndi 351 mpaka 357 ndi Panama. Ife a Malawi yathu ndi 655. Musadabwe kuona sitima ya mbendera ya Liberia mwini wake ali ku Greece, ogwira ntchito aku Philippines, katundu waku Qatar, ndi mmene bizinesi imeneyi imayendera ndipo sichizindikiro cha chinyengo ayi.

Tsopano malo owonera. Odziwika ndi MarineTraffic ndi VesselFinder, pali ina MyShipTracking. Zonse zili ndi apu komanso zimatseguka pa Chrome. Langizo langa, musayambe ndikutsegula mapu a dziko lonse aja, amadya bandulo koopsa chifukwa akulowetsa masitima masauzande nthawi imodzi ndipo pa netiweki ya ku Mchengautuwa madzulo mungodikira mpaka kugona. Pitani pa search, lembani nambala ya IMO, dinani sitimayo, mupite pa tsamba lake. Mapu mutsegule pomaliza. Zimene amaonetsa ulere zimasinthasintha, makamaka MarineTraffic chiigulireni kampani ya Kpler mu 2023, nde khalani nazo ziwiri, ina ikabisa ina imaonetsa. Pa MarineTraffic sitima za katundu ndi zobiriwira, za mafuta ndi zofiira, zonyamula anthu ndi zabuluu. Mukapeza kuti "sitima yanu ya feteleza" ndi yofiira, pamenepo pali nkhani.

Kuti mumvetse chifukwa chake mapuwa nthawi zina amanama, mukuyenera kudziwa kumene uthengawu ukuchokera. Sitima iliyonse yaikulu yoyenda maulendo a maiko ili ndi kachipangizo kotchedwa AIS, lamulo la SOLAS linakakamiza zimenezi pofika kumapeto kwa 2004 kwa sitima zonse za 300 GT kupita mmwamba (GT ndi muyezo wa kukula kwa sitima). Kachipangizoka kamaulutsa pa wailesi ya VHF kuti ine ndine wakuti, ndili apa, ndikuthamanga chonchi, ndalunjika uku. Ikamayenda imaulutsa masekondi 2 mpaka 10 aliwonse, ikaponya nangula mphindi zitatu zilizonse. Cholinga chake chenicheni chinali choti sitima zisamawombane, osati kuti ife tiziwonera tili ku Katoto. Mawebusaiti aja amangotolera uthengawu kudzera mmilongoti imene ili mmbali mwa nyanja, ndipo VHF siipita patali, makilomita makumi angapo kuchokera kumtunda basi yatha. Sitima ikalowa pakati penipeni pa Indian Ocean amene akuimva ndi masatelayiti okha, ndipo uthenga wa satelayiti ndi umene amagulitsa.

Nde chinthu choyamba kuyang'ana pa tsamba la sitima si mapu, ndi pamene palembedwa kuti Received kapena Position received, kukuuzani kuti malo amenewa anawalandira liti. Pakalembedwa kuti 4 min ago ndiye mukuona zenizeni. Pakalembedwa kuti 6 days ago, sitimayo siili pamenepo, inadutsa kalekale. Apa ndi pamene anthu ambiri amakwezera BP, amaona sitima ili pafupi ndi doko la Fujairah ku UAE lero, mawa pomwepo, mkuja pomwepo, nkuyamba kulengeza pa gulupu ya WhatsApp kuti sitima yafa injini. Ayi ndithu, yangotuluka mu netiweki ya milongoti, idzatulukiranso ikamayandikira Mombasa kapena Zanzibar. Komanso kumalo kumene kuli achifwamba a panyanja makaputeni ena amachita kuzimitsa dala AIS, ndipo madera ankhondo ngati Black Sea, Red Sea ndi ku Gulf GPS imasokonezedwa moti mutha kuona sitima ya matani 50,000 ili pakati pa chipululu kapena pa bwalo la ndege. Musaitengere, dikirani mawa ibwerera mmadzi.

Nthawi zambiri mawebusaitiwa amalemba nthawi ya UTC. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, chimodzimodzi Mozambique, pomwe ku Tanzania ndi maola atatu. Nde 14:00 UTC ndi 4 koloko madzulo kuno, 5 koloko ku Dar. Pakalembedwa LT ndiye ndi nthawi ya kudoko komweko.

Tsopano tifike pa zolemba pamanja zija. Malo amene sitima ili, liwiro lake ndi kumene yalunjika zimachokera ku GPS zokha, munthu sagwirapo. Koma Destination (kumene ikupita), ETA (nthawi imene ikuyembekezeka kufika), Draught (mmene yamirira mmadzi) komanso Status (ikuyenda kapena yaima) amachita kutaipa ofisala wamusitima, ndipo munthu ndi munthu, amaiwala. Mutha kupeza sitima ili pa khomo pa Beira koma Destination ikunenabe doko limene inachokera masabata atatu apitawo. Ena amalemba dzina lonse, ena amalemba makhodi a madoko, nde muwaloweze awa: TZDAR ndi Dar es Salaam, MZBEW ndi Beira, MZMNC ndi Nacala, MZMPM Maputo, KEMBA Mombasa, ZADUR Durban. Mukaona ngati KEMBA>TZDAR ndiye kuti yachoka ku Mombasa ikupita ku Dar. Mukaona FOR ORDERS ndiye kuti kaputeni nayenso sanauzidwe kokatsitsa, mwina katunduyo akadali pamsika, ndipo ngati wina wakulonjezani kale tsiku pa sitima yoteroyo mufunseni bwinobwino. Zina zimalemba ARMED GUARDS ONBOARD, pamenepo sakuuza inu, akuuza achifwamba.

ETA yolembedwayo ine ndimaitenga ngati maganizo chabe a kaputeni. Bola kuwerengera nokha. Liwiro la sitima limayezedwa mu ma knot, knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Bulk carrier yodzadza imayenda ma knot 11 mpaka 13, kawirikawiri siipitirira 14, eni ake amaichepetsa dala kuti isamwe mafuta ambiri. Pa ma knot 12, tsiku limodzi imayenda ma nautical mile 288, omwe ndi makilomita 533 kapena apo. Nde ngati webusaiti ikuonetsa kuti patsala ma nautical mile 1,440, gawani ndi 288, masiku 5. Ngakhale itasowa pa mapu mutha kulemba pa kalendala kuti pofika Lachinayi ikhala itatulukira. Mukaona yatsika kufika ma knot 7 kapena 8 kunja kuli bwinobwino, nthawi zambiri ndiye kuti ejenti waku doko wawauza kuti musathamange, malo kulibe, mudzangokhala pa mzere. Chimenecho ndi chizindikiro chabwino kwambiri choti kudoko kwadzadza kuposa chilichonse chimene angakuuzeni pa foni.

Onaninso njira imene yadzera. Chiyambireni gulu lankhondo la Houthi la ku Yemen kuombera sitima mu Red Sea kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zochokera ku Europe ndi ku Black Sea zinasiya kudutsa pa Suez nkumazungulira ku Cape of Good Hope. Mukaona sitima yanu ikutsetsereka kumadzulo kwa Africa cha ku Senegal uko siinasochere ayi, koma onjezerani masiku. Chinanso, sitima imodzi itha kunyamula katundu wa anthu angapo mmaiko angapo, kuyamba kutsitsa ku Mombasa, kenako Dar, kenako Beira. Funsani kuti doko lanu ndi lachingati pa ulendowo, chifukwa paliponse pamene yaima pali mzere wake.

Pa Status mawu ofunika ndi atatu. Under way using engine, ikuyenda. At anchor, yaponya nangula panja pa doko ikudikira. Moored, yamangiliridwa pa doko penipeni. Kusiyana kwa awiri omalizawa ndi kumene kumadyetsa anthu ndalama. Ejenti akati sitima yafika sakunama, koma yafika pati? Amene munapitako ku Dar mukudziwa masitima aja amaoneka atandandalika kutali mukaima ku Coco Beach, onse aja "anafika" koma palibe amene akutsitsa olo thumba limodzi. Itha kukhala pamenepo masiku awiri, itha kukhala masabata. Poti Status ndi ya pamanja, tsimikizani ndi maso anu, kulitsani mapu. Ya pa nangula imakhala pakati pa madzi, liwiro 0.1 kapena 0.3, ndipo mzere wa mmene yayendera umajambula kabwalo chifukwa mphepo ndi madzi zikuizunguza pa tcheni chake. Yomangiliridwa imakhala itagundana ndi khoma la doko, liwiro 0.0, osasuntha. Muli pomwepo werengani ma bulk carrier ena amene ali pa nangula ndipo muone anafika liti, ndi amene ali patsogolo panu. Za makontena ndi za mafuta musaziwerengere, zili ndi malo awo.

Madokowa amasiyananso khalidwe. Nacala ndi yakuya mwachilengedwe, nchifukwa chake malasha aku Moatize aja amadutsa pa njanji mdziko muno kudzera pa Nkaya ndi Nayuchi amakakwezedwa ku Nacala-a-Velha mu sitima zikuluzikulu. Beira ndi ina, ili pa mathiriro a mtsinje wa Pungwe, ngalande yolowera ndi yayitali komanso imadzadza mchenga, nde sitima yolemera imadikira kuti madzi akwere kaye ndi pamene ilowe. Mutha kuona malo alipo pa doko koma sitima ili phee panja, ikudikira madzi. Kuyambira November mpaka April onjezeraninso za anamondwe, paja Idai anaphwanya Beira mu March 2019, doko likatsekedwa sitima zimathawira kutali ndipo mzere umayambiranso. Tsegulani Windy muone mphepo ya mu Mozambique Channel, ndi yaulere.

Gawo limene ndimalikonda ndi Draught, kutanthauza mamita amene sitima yamira mmadzi. Apa ndi pamene mumadziwira ngati ili ndi katundu kapena ili chabe. Supramax, bulk carrier ya matani 50,000 mpaka 60,000, ikadzadza imamira mamita 12 ndi theka mpaka 13, ikakhala yopanda kanthu mamita 6 kapena 7. Handysize, yocheperapo pa Supramax, yodzadza cha mma 10, yopanda kanthu cha mma 5 kapena 6. Pa tsamba lake pamakhala Draught ya pano komanso ina yosonyeza malire ake ikadzadza, yerekezani ziwirizo. Wina akakuuzani kuti sitima yakuti ikubwera ndi matani 50,000 a urea koma ikuonetsa mamita 6.4 ndipo yalunjika ku doko la Richards Bay ku South Africa, imeneyo ikupita kukanyamula katundu wina, wanu mulibemo. Pa Supramax, sentimita imodzi ya kumira ndi matani 55 kapena kupitirira pang'ono, nde mita imodzi ndi matani cha mma 5,500. Ikalowa ku Mombasa ili pa 12.6 nkutuluka ili pa 9.6, mwadziwa kuti yasiya matani cha mma 16,000 kumeneko ndipo otsalawo ndi amene akubwera. Kungoti nambalayi amaisintha pofika ndi ponyamuka basi, musayembekezere kuti izitsika tsiku ndi tsiku pamene akutsitsa.

Za kukula kwa sitima, pa tsamba lomwelo muona DWT ndi GT, musazisokoneze. DWT ndi matani onse amene sitima ingasenze, kuphatikiza mafuta ake, madzi akumwa ndi chakudya cha ogwira ntchito, nde katundu weniweni amacheperapo pang'ono. GT si kulemera ayi, ndi muyezo wa kukula kwa malo amkati, amagwiritsa ntchito polipiritsa misonkho ya padoko. Inu yang'anani DWT. Handysize ndi zofika mpaka matani 40,000 kapena apo, Supramax 50,000 mpaka 60,000, Ultramax imapitirira pang'ono mpaka cha mma 65,000. Izi ndi zimene zimatibweretsera feteleza ndi tirigu kawirikawiri. Pamwamba pake pali Panamax, mulifupi mwake mamita 32 ndi pang'ono kuti izikwana mu ngalande yakale ya Panama, ndi Kamsarmax ya matani cha mma 82,000 yotalika mamita 229. Kenako Capesize za matani cha mma 180,000, mpaka zimphona za Valemax za matani 400,000 zotalika mamita 362 zonyamula miyala ya chitsulo ku Brazil kupita ku China. Kuti muone kukula kwake, Ilala yathu ija mumakwera pa Nkhata Bay ndi yotalika mamita 52 okha, pomwe Supramax wamba ndi mamita 190. Wina akakuuzani kuti Capesize ikubweretsa feteleza wanu ku Beira, msekeni.

Dinaninso zithunzi za sitimayo. Ngati ili ndi makireni anayi ataima pakati pa zivindikiro zisanu, ndiye itha kudzitsitsa yokha katundu, ndipo zambiri za Handysize mpaka Ultramax ndi zotero, kireni iliyonse imanyamula matani cha mma 30. Yopanda makireni imadalira zida za padoko. LOA ndi kutalika kwake, Beam ndi mulifupi, Built ndi chaka chimene inamangidwa. Ikakhala yakale ainshuwalansi ena amaonjezera mtengo pa katundu, nde ngati ndinu mukulipira inshuwalansi muyang'ane chakacho.

Mukafuna kulowa mkati kwambiri pali Equasis. Ndi yaulere, mumangotsegula akaunti ndi imelo. Simuona mapu kumeneko koma mbiri ya sitima, mwini wake, kampani yoiyendetsa, maina ake onse akale ndi zaka zimene anasintha, mbendera zakale, bungwe limene limaiyeza ngati ili bwino, kalabu ya inshuwalansi ya P&I, komanso zotsatira za kuyendera kumene akuluakulu a madoko amachita. Mukaona mawu oti Detention kangapo mzaka zaposachedwa ndiye kuti sitimayo imagwidwagwidwa chifukwa cha zowonongeka, itha kugwidwanso ili ndi katundu wanu. Status yake ikakhala Broken up ndiye kuti anaiphwasula kale, kulibe.

Izi ndazitchula dala chifukwa cha akuba a mapepala. Masiku ano munthu amatha kupanga Bill of Lading yokongola pa kompyuta, masitampa ndi zonse, nkuikapo dzina la sitima yeniyeni, nkumauza anthu kuti perekani dipoziti feteleza wotchipa ali mnjira, onani nokha pa intaneti sitimayo ilipo. Ilipodi, koma yang'anani zinayi izi. Mtundu wake ndi bulk carrier kapena general cargo? Matani olembedwa pa pepalawo akukwana mu DWT yake? Tsiku limene pepala likuti anakweza katundu, sitimayo inalidi pa doko limenelo? Izi mumaziona pa Port calls, olo zaulere amaonetsako madoko angapo apitawo. Ndipo Draught ikusonyeza kuti yalemedwa? Zonse zikagwirizana sindiye kuti katunduyo ndi wa amene akukugulitsaniyo, AIS siinena mwini katundu ngakhale mtundu wa katundu amene ali mkati, imangokuthandizani kugwira wabodza waulesi. Wochenjera mumugwira poimbira ejenti wa sitimayo ku doko, pa nambala imene mwaipeza nokha osati imene wakupatsani iyeyo.

Tinene kuti zonse zili bwino, sitima ya Moored. Musatumize mathiraki usiku womwewo. Pali a kasitomu, pali oyeza katundu, pali kuyala makina othirira mmatumba. Kutsitsa kwake kumatenga masiku, matani 30,000 ndi matumba 600,000 a 50kg, ndi mathiraki 1,000 a matani 30, zonsezo zituluke pa geti. Mvula ikangoyamba kuwaza amatseka zivindikiro chifukwa urea akanyowa amasungunuka nkuumbika, tirigu amaola, nde tsiku la mvula ntchito imaima ngakhale pa mapu sitima ikuoneka ili pamalo pake bwinobwino. Ikachedwa kupitirira masiku amene anagwirizana, mwini sitima amalipiritsa demurrage, chindapusa cha kuchedwa, pa tsiku mu madola, ndipo ndalama imeneyo mapeto ake mudzaipeza pa mtengo wa thumba ku Taifa market. Mukukumbukira feteleza uja anapereka a Uralchem aku Russia, matani 20,000? Sitima yake MV Greenwich, imene anachita hayala a WFP, inanyamuka ku Netherlands kumapeto kwa November 2022 kulowera ku Beira, koma mwambo wopereka fetelezayo kuno unachitika mu March 2023, chimanga chitakula kale mminda. Ulendo wa pamadzi unali gawo limodzi chabe.

Kwa ife akumpoto kuno katundu wodzera ku Dar ali ndi makilomita pafupifupi 1,200 apamsewu, kudutsa Morogoro, Iringa, kukhota pa Uyole kutsikira ku Kasumulu, kuoloka pa Songwe, Karonga, kenako kukwera Chiweta thiraki itadzadza. Wodzera ku Beira kapena Nacala amayamba wafika kummwera kapena ku Lilongwe kenako ndi pamene akwere M1 kubwera kuno. Nde pa kalendala yanu lembani masiku anayi osiyana, lofika pa nangula, lomangilira, lomaliza kutsitsa, ndi lotuluka thiraki yanu pa geti. Awiri oyambawo foni ikuuzani yokha, ndipo ngati apu yanu ikulola ikani sitimayo mu My Fleet kuti musamaisake tsiku lililonse. Lachitatu mumalidziwa mukaona yanyamuka Draught itatsika. Lachinayi lokha ndi limene mukufunika ejenti.

Kuyang'ana kamodzi mmawa ndi kamodzi madzulo ndi kokwanira, jambulani sikirinishoti yoonetsa tsiku, Received, liwiro ndi Draught, muzisunga mu foda imodzi, zidzakuthandizani pa mkangano wa kuti ndani anachedwetsa. Ndipo poimbira ejenti musamafunse kuti sitima ili pati, zimenezo mukudziwa kale. Mufunseni kuti ili nambala chani pa mzere wa padoko, aipatsa berth (malo omangilira pa doko) iti ndipo liti, akutsitsa matani angati pa tsiku, katundu wanu ali mu hold (chipinda cha katundu mmimba mwa sitima) iti ndipo ayamba ndi iti, komanso mapepala a transit opita ku Malawi atuluka kale kapena akudikira kuti itsitse kaye. Akayankha zimenezi ndi pamene mumuuze dalaivala athire mafuta.